Khomo la Uloya: Kuchokera ku Matebulo a London Kufika ku Mayeso a Lero

Mu 1982, ku Soche mumzinda wa Blantyre, bwalo la milandu linayamba kuzenga mlandu wa anthu awiri amene ankadziwa malamulo kuposa ambiri mwa owaweruza. Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera ankaimbidwa mlandu wofuna kugwetsa boma. Iwo ankanena kuti anachita kubedwa m'dera la Chipata ku Zambia tsiku loti mawa ndi Khirisimasi mu 1981, pamene boma linkati anagwidwa atalowa kale m'Malawi. Bambo Chirwa anali Mmalawi woyamba kulandiridwa ngati barrister ku England, ndipo Mayi Chirwa anali mayi woyamba wa m'Malawi kukhala loya. Koma bwalo limene anakaonekera linali la miyambo, ndipo m'mabwalo otero loya sankaloledwa kuimira munthu. Anadziyankhira okha. Mu Meyi 1983 analamulidwa kuti anyongedwe, ndipo chaka chotsatira chilangocho chinasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse. Orton anamwalira m'ndende ya Zomba pa 20 Okutobala 1992, ndipo Vera anatulutsidwa mu Januwale 1993.

Nkhaniyi imakambidwa kawirikawiri ngati mbiri ya nkhanza za ndale, ndipo n'zoona. Komabe ili ndi mbali ina imene sikumbukiridwa: ndani amaloledwa kuima pakhoti n'kulankhulira mnzake, ndani amapereka chilolezocho, ndipo munthu amadzera njira iti kuti achipeze? Kwa zaka zoposa 60 khomo lolowera ntchito ya uloya m'chigawo chino lakhala likusunthidwa, kuchoka ku London kubwera ku Mpemba ndi ku Lusaka, kenako kuchoka m'kalasi ya yunivesite kupita m'chipinda cholembera mayeso a uloya. Nthawi iliyonse likasunthidwa, amene adutsa amawerengedwa mosamala, mayina awo n'kulembedwa m'kaundula. Amene atsala kunja ndiwo amene kafukufuku amawapeza mochedwa.

M'nthawi ya atsamunda, ku Nyasaland ndi ku Northern Rhodesia kunalibe sukulu yophunzitsa uloya. Wofuna ntchitoyi ankayenera kuwoloka nyanja. Ku England maloya ali m'magulu awiri. Pali barrister, amene amalankhula pamaso pa jaji, ndipo pali solicitor, amene amakhala mu ofesi, kulandira anthu, kulemba mapangano ndi kusunga ndalama za amene akuwagwirira ntchito. Kuti munthu akhale solicitor ankayenera kupeza loya womulandira mu ofesi yake kwa zaka zingapo, kawirikawiri atalipirapo ndalama, ndipo maofesi olandira Mwafirika anali osowa. Choncho pafupifupi onse ankatsata njira inayo: kulembetsa ku limodzi mwa mabungwe anayi akale a mu London, omwe ndi Lincoln's Inn, Gray's Inn, Inner Temple ndi Middle Temple, kukhoza mayeso, ndi kudya chakudya chamadzulo m'holo ya bungwelo maulendo oikika. Kudyaku sikunali kwa masewera, chifukwa wosakwanitsa maulendowo sankalandiridwa. Mwambowu unachokera kalekale pamene achinyamata ankaphunzira malamulo pomvetsera akuluakulu patebulo, koma pofika m'ma 1950 chimene chinatsala kwenikweni chinali kaundula wa amene wadya. Digiri ya ku yunivesite sinali yokakamiza.

Amene anadutsa pakhomo limeneli anali owerengeka, ndipo mbiri zawo zimafanana modabwitsa. Herbert Chitepo wa ku Southern Rhodesia anaphunzira ku Fort Hare ku South Africa, nalandiridwa ku Gray's Inn mu 1954. Atabwerera ku Salisbury zinatengera kusintha lamulo kuti aloledwe kukhala ndi ofesi pakati pa mzinda, pamodzi ndi maloya anzake achizungu, popeza malowo ankasungidwira azungu okha. Orton Chirwa, wa m'boma la Nkhata Bay, nayenso anadzera ku Fort Hare, anaphunzitsa ku Domasi, ndipo analandiridwa ku Lincoln's Inn mu 1958. Chaka chomwecho Mainza Chona wa ku Northern Rhodesia analandiridwa ku Gray's Inn. Okonda zilankhulo angakondwe kudziwa kuti Chitepo ali ku London anathandiza pa ntchito ya Chishona ku SOAS ndipo analemba ndakatulo yaitali yotchedwa Soko Risina Musoro, pomwe Chona analemba buku la nkhani m'Chitonga lotchedwa Kabuca Uleta Tunji. Anali anthu odziwa kuti zilankhulo zawo zingathe kusenza nkhani zolemera, koma malamulo anawaphunzira ndi kuwagwiritsa ntchito m'Chingerezi chokha.

Ndale zinawameza msanga. Mu 1959 Chirwa anatsogolera chipani chatsopano cha Malawi Congress Party, kusungira mpando Dr Banda amene anali m'ndende ku Gwelo. Chaka chomwecho Chona anatsogolera UNIP, kusungira mpando Kenneth Kaunda amene analinso m'ndende. Dziko likakhala ndi loya wakuda mmodzi kapena awiri, ameneyo amasanduka mtsogoleri wa chipani, nduna kapena mlangizi wa boma. Wotsala woti aphunzitse mbadwo wotsatira sapezeka, ndipo mayi wa kumudzi wolandidwa munda sayembekezera n'komwe kumuona.

Kafukufuku woyamba wamkulu pa nkhaniyi anachitikira ku London komweko. Mu 1960 boma la Britain linakhazikitsa komiti yotsogozedwa ndi Lord Denning kuti iunike maphunziro a zamalamulo a ophunzira ochokera ku Africa, ndipo lipoti lake linatuluka mu 1961. Komitiyo inaona chinthu choonekeratu chimene kwa zaka zambiri palibe ankachilabadira. M'mayiko ambiri a mu Africa loya mmodzi amagwira ntchito zonse ziwiri, ya barrister ndi ya solicitor. Munthu wobwera kuchokera ku Inn ankafika kwawo n'kutsegula ofesi asanaphunzirepo kusunga mabuku a ndalama za anthu kapena kulemba pangano logulitsa malo, ndiponso asanawerengepo malamulo a dziko lake, osanena za malamulo a makolo. Komitiyo inalangiza kuti chiphaso cha ku England pachokha chisamakwanire, kuti mayiko akhale ndi sukulu zawozawo zamalamulo, ndiponso kuti pakhale nthawi yophunzira kagwiridwe ka ntchito munthu asanaloledwe kuima pakhoti.

Malangizowo anali anzeru, ndipo dongosolo limene likutsatidwa lero m'mayiko ambiri a m'chigawochi, la digiri kenako sukulu ya uloya, mizu yake ili pamenepo. Koma lipotilo linkayang'ana amene afika kale ku London n'kufunsa chimene akusowa. Funso la amene sanathe kufikako linali la anthu ena. Ndipotu khomo lenileni linali kumbuyo kwambiri. Ku Nyasaland sukulu yoyamba ya sekondale, ya Blantyre, inatsegulidwa mu 1940, ya Zomba Catholic mu 1942, ndipo ya Dedza mu 1951. Ku Northern Rhodesia pafupifupi aliyense wophunzira kwambiri ankadzera ku Munali. Pamene Zambia inkalandira ufulu mu 1964 inali ndi nzika pafupifupi 100 zokha za digiri. Mwana wanzeru wa ku Katete kapena ku Ntchisi sankalephera mayeso a uloya, chifukwa sankafika n'komwe pamene mayesowo ankalembedwera.

Sukulu zatsopano zinabwera mofulumira. Ku Dar es Salaam maphunziro a zamalamulo anayamba mu Okutobala 1961 ndi ophunzira 14, m'nyumba yobwereka ku chipani cha TANU. Ku Malawi lamulo la 1965 linakhazikitsa khonsolo yoyang'anira maphunziro a zamalamulo pamodzi ndi bungwe la maloya la Malawi Law Society, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 Yunivesite ya Malawi inayamba kuphunzitsa malamulo ku Mpemba, kufupi ndi Blantyre, isanasamutsire maphunzirowo ku Chancellor College ku Zomba mu 1973. Ku Lusaka sukulu ya zamalamulo ya Yunivesite ya Zambia inatsegulidwa mu 1967 motsogozedwa ndi Kwamena Bentsi-Enchill wa ku Ghana, ndipo mu 1968 kunabwera Law Practice Institute yophunzitsa kagwiridwe ka ntchito. Ngakhale zinatero, mipando yapamwamba inatenga nthawi kuti ifike m'manja mwa eni dziko. Zambia inapeza mkulu wa majaji wake woyamba wa m'dzikolo, Annel Silungwe, mu 1975, ndipo Malawi inadikira mpaka 1985 pamene Friday Makuta analowa m'malo mwa James Skinner. Skinner ameneyu, wa ku Ireland, anali atakhalapo mkulu wa majaji ku Zambia mu 1969 asanawolokere ku Malawi.

Chimene lipoti la Denning silinalosere n'chakuti maboma atsopano akanatha kuwaopa maloya. Ku Malawi, anthu ataphedwa motsatizana ku Chilobwe ndipo khoti lalikulu litamasula oganiziridwa ena chifukwa chosowa umboni, boma linasintha lamulo mu 1969 n'kupatsa makhoti a miyambo mphamvu zozenga milandu ya kupha, ndipo pambuyo pake ya kuukira boma. Majaji achingerezi anatula pansi udindo. Chomvetsa chisoni n'chakuti makhoti amenewa anamangidwa pa maziko a lamulo la makhoti a m'madera la 1962, limene Orton Chirwa mwiniwake anathandiza kukonza ndi cholinga chobweretsa chilungamo pafupi ndi anthu, m'chilankhulo chawo. Motero dziko linali ndi yunivesite yosula maloya ku Zomba, pomwe milandu yoopsa kwambiri, imene munthu akanatha kunyongedwa nayo, inkazengedwa kumene loya sakanaponda. Apa pali phunziro lowawa kwa okonda zilankhulo za makolo, chifukwa mabwalo amene Chichewa chinkamveka momasuka ndi omwewo amene ufulu wa woimbidwa mlandu unali wochepa kwambiri. Anthu ena mpaka lero akamva zoti malamulo azikambidwa m'Chichewa amakumbukira mabwalo amenewo. Mphamvu zawo zinatha m'zaka za 1993 ndi 1994.

Ku Mozambique zinafika pena. Mu 1975 boma la Frelimo linaletsa uloya wa anthu odziimira paokha, ndipo mu 1983 Samora Machel anatseka gawo la zamalamulo la Yunivesite ya Eduardo Mondlane, limene linatsegulidwanso mu 1987. Bungwe la maloya la Ordem dos Advogados linakhazikitsidwa mu 1994. Kwa wachinyamata wa ku Angónia kapena ku Tete, m'zaka zimenezo khomo silinali lopapatiza chabe, linali lokhomedwa, ndipo litatsegulidwa linali ku Maputo, m'Chipwitikizi.

Kuyambira m'ma 1990 zinthu zinatembenuka. Ulamuliro wa zipani zambiri ndi malamulo atsopano oyendetsera dziko zinachititsa kuti maloya afunike paliponse, ndipo mayunivesite oima paokha anayamba kupereka madigiri a zamalamulo. Ku Zambia ophunzira anachuluka kowirikiza, koma onse ankayenera kudutsa pa sukulu imodzi, ZIALE, imene inalowa m'malo mwa Law Practice Institute potsatira lamulo la 1996. Pakhala zaka zina zimene okhoza pa ulendo woyamba sanafike ngakhale mmodzi pa khumi alionse, ndipo kwa nthawi yaitali panali lamulo loti wolephera katatu adikire zaka zisanu asanayesenso. Ku Malawi, kwa zaka zambiri digiri ya ku Chancellor College ndiyo inali njira yolunjika, ndipo ophunzira kunja ankayenera kulemba mayeso apadera. Lamulo la 2018 linakhazikitsa Malawi Institute of Legal Education yokonzekeretsa anthu ku mayeso a uloya. Khomo linachoka pa chipata cha yunivesite n'kukaima kumapeto kwa ulendo, pamene banja lagulitsa kale ng'ombe ndi kulipira fizi ya zaka zinayi.

Zotsatira zoipa zikatuluka, mkangano umakhala womwewo chaka ndi chaka. Olephera amati maloya akale akutchinga khomo kuti msika usadzaze. Oyang'anira mayeso amati mayunivesite akutulutsa anthu osapsa. Mayunivesite amaloza chala ku sekondale. Aliyense ali ndi kachidutswa ka choonadi, koma nambala imodzi ya okhoza imene imafika m'nyuzipepala singathe kuweruza mlanduwu, chifukwa sinena kuti olepherawo anachokera kuti, anagwa pa phunziro liti, ankagwira ntchito usana n'kumawerenga usiku kapena ayi, ndipo chinawachitikira n'chiyani pambuyo pake.

Kumene mafunso otere anatsatidwa mwakhama, mayankho ake anasintha mkangano. Ku United States bungwe la Law School Admission Council linatsatira ophunzira oposa 23,000 amene anayamba sukulu ya zamalamulo mu 1991, mpaka pa mayeso awo a uloya. Lipoti lake, lolembedwa ndi Linda Wightman, linatuluka mu 1998. Pa ulendo woyamba, pa ophunzira akuda 100 alionse anakhoza pafupifupi 61, pomwe azungu anali pafupifupi 92. Koma atawerengera amene anabwereza, akuda anafika pafupifupi 78 ndipo azungu 97. Kusiyana kunalipobe, ndipo kunali kwakukulu, koma zinaoneka kuti ambiri mwa ogwa koyamba amadzuka akapatsidwa mpata. Mfundo yotere ili ndi kulemera kwake pa lamulo lililonse loika malire a maulendo obwereza. Ku America nkhaniyo inali ya khungu ndi mbiri ya tsankho la kumeneko, ndipo manambala ake sangasamutsidwire ku Lusaka kapena ku Blantyre. Chosamutsika ndi njira yake, yotsatira gulu limodzi la anthu kuyambira tsiku lolowa mpaka tsiku lolandiridwa kapena losiya.

South Africa ili pafupi, ndipo zimene inadutsamo n'zodziwika kwa Achewa ambiri okhala kumeneko. Tsankho litatha, dzikolo linafuna kutsegula khomo msanga. Linachotsa lamulo lokakamiza Chilatini, ndipo kuyambira 1998 linalola digiri ya LLB ya zaka zinayi, yoyamba munthu akangochoka ku sekondale, pofuna kuchepetsa nthawi ndi ndalama kwa ana a osauka. Patatha zaka, madandaulo anachuluka akuti ambiri samaliza pa nthawi yake ndipo omaliza amavutika kulemba ndi kufufuza. Yunivesite ya Witwatersrand inasiya njira ya zaka zinayiyo, ndipo Council on Higher Education inaunika madigiri a LLB m'dziko lonse, n'kutulutsa lipoti mu 2018. Kufupikitsa njira kunathandiza ambiri kulowa, koma sikunachotse mtolo umene mwana wa sukulu yosauka amafika nawo.

Gawo lalikulu la mtolo umenewo ndi chilankhulo. Ku Zambia Chingerezi chinakhala chilankhulo chophunzitsira kuyambira kalasi yoyamba potsatira lamulo la maphunziro la 1966. Ku Malawi msonkhano wa chipani wa 1968 unakweza Chichewa kukhala chilankhulo cha fuko, m'nyengo yomweyo imene malamulo ankayamba kuphunzitsidwa ku Mpemba m'Chingerezi, ndipo njira ziwirizi sizinakumane. Wolephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE ngakhale atakhoza zina zonse. Mayeso a uloya amafuna kuti munthu awerenge nkhani yopotoka, apeze pamene pagona mlandu, ndi kulemba yankho lomveka m'maola ochepa. Pamenepo kudziwa malamulo ndi kudziwa Chingerezi zimalukana kotero kuti woyesa sangathe kuzilekanitsa mosavuta. Mwana wa sukulu yolipira ya ku Lilongwe, amene wakhala akulota m'Chingerezi chibadwire, ndi mwana wa sukulu yoyendera ya ku Dowa amalandira pepala limodzi, koma sakulemba mayeso amodzi.

Tanzania, kumene sukulu ya 1961 ija inayambira, inakumana ndi funsoli maso ndi maso. Mu 2022, pa ophunzira 633 a Law School of Tanzania anakhoza 26 okha. Boma linakhazikitsa komiti yotsogozedwa ndi Harrison Mwakyembe, ndipo mwa zifukwa zimene inapeza panali kufooka kwa Chingerezi cha ophunzira. Izi zinachitika patangopita chaka chimodzi Nyumba ya Malamulo ya dzikolo itavomereza kuti Chiswahili chikhale chilankhulo cha malamulo ndi makhoti. Ophunzira ankayesedwa m'chilankhulo china kuti akatumikire m'chilankhulo china.

Ku Malawi nkhaniyi anaikweza kale Pascal Kishindo, katswiri wa zilankhulo wa ku Chancellor College, amene mu 2001 analemba zolimbikitsa kuti zilankhulo za m'dziko zigwiritsidwe ntchito m'makhoti. Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko limapatsa woimbidwa mlandu ufulu wozengedwa m'chilankhulo chimene akumva, kapena kupatsidwa womasulira. Chimene chimachitika n'chodziwika kwa aliyense amene anakhalapo pabenchi ya khoti. Majisitireti, wapolisi woimira boma, loya, mboni ndi woimbidwa mlandu onse angakhale olankhula Chichewa, koma mawu amadutsa mwa womasulira n'kulembedwa m'Chingerezi. Mboni ikati "anandigwira", womasulira ayenera kusankha pomwepo ngati kukunenedwa kukhudza, kumanga kapena kugwiririra, ndipo liwu limene wasankha ndilo lidzawerengedwe ndi jaji wa apilo amene sanaione mboniyo. Loya wodziwa kumva kusiyana kotere angapulumutse munthu, koma luso limenelo silimene limamudutsitsa pa mayeso.

Pamene mkangano wa khomo ukupitirira, ntchito ina yakhala ikugwiridwa ndi anthu amene sanalowepo. Milandu yambiri m'Malawi imaweruzidwa ndi mamajisitireti opanda digiri ya zamalamulo, ndipo maloya ambiri ali m'mizinda ya Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Mu 2000 kunayamba Paralegal Advisory Service, gulu la anthu ophunzitsidwa mfundo zoyambira za malamulo a milandu, amene ankalowa m'ndende kukathandiza osungidwa podikira mlandu. Njira yawo inali yophunzitsa kudzera m'masewero, m'chilankhulo cha akaidiwo: wina akhale majisitireti, wina wapolisi, wina apemphe belo, mpaka munthu adziwe choti akanene akaimirira yekha. Njirayi inaunikidwa ndi ofufuza ndipo inatengedwa ndi mayiko ena a mu Africa ndi ku Asia. Pamene Legal Aid Bureau inapempha Nyumba ya Malamulo kuti othandiza ake ophunzira mwa mtundu umenewu aziloledwa kuimira osauka pa milandu ing'onoing'ono m'makhoti a majisitireti, Malawi Law Society inatsutsa, ponena kuti wosauka nayenso ayenera loya wophunzira mokwanira. Bungwe lopemphalo linayankha kuti loya ameneyo kulibe ku Nsanje kapena ku Chitipa, ndipo munthu akuimirira yekha lero lomwe. Imodzi mwa ndende zimene othandizawa akhala akuchitiramo masewero awo ophunzitsa kupempha belo ndi ya Zomba, momwe munamwalirira Orton Chirwa.